Chifukwa chake kashiamu sagwirizana ndi chitsulo m'ng'anjo

BULAWAYO — Fakitale yoyamba yamakono yopanga chitsulo cholimba m'dziko la Zimbabwe idatsegulidwa mumzinda uno mu 1938, ntchitoyi isanasamukire ku Redcliff mu 1948. Kampani ya Zisco idaleka kupanga chitsulo mu 2008, koma osungunula zitsulo kulikonse akulimbanabe ndi vuto limodzi: kashiamu, amene amayeretsa chitsulo, safuna kukhalamo.

Gwero la vutoli ndi kutentha. Chitsulo chimasungunuka pa madigiri 1538, pamene kashiamu amakhala atawira kale n'kusanduka nthunzi pa madigiri 1484. Ngakhale atapanikizidwa kuti asathawe, amayandama payekha monga mafuta pamadzi. Kafukufuku wa Sponseller ndi Flinn wa mu 1964 adapeza kuti pa madigiri pafupifupi 1600, tani imodzi ya chitsulo chosungunuka imalandira magalamu 320 okha a kashiamu. Chikauma chimalandira wochepa kwambiri kuposa pamenepa, ndipo ziwirizi sizimangana n'kupanga chinthu chatsopano.

Komatu kachepeko n'kofunika. Kashiamu amagwira salifa, komanso amasungunula timibulu touma ta alumina timene timatseka mpopi wothirira chitsulo n'kuimitsa ntchito yonse. Pachifukwachi mafakitale amamukulunga m'waya wachitsulo, kawirikawiri pamodzi ndi silikoni amene amamuthandiza kulowerera, n'kumukankhira pansi pa chimphika, pamene kulemera kwa chitsulocho kumachedwetsa kuwira. Womuponya pamwamba amangoona malawi ndi utsi, ndalama zitapita.