Zida zolumikizira mapulogalamu a kompyuta ndi makina a makampani a lamya

Munthu akagula mayunitsi a magetsi a ZESCO pa lamya ya m'manja, kapena akalandira uthenga wa ku banki wonena kuti malipiro alowa, ndiye kuti makompyuta a mabungwe awiri akambirana m'kanthawi kocepa. Kukambirana kumeneku kumatheka cifukwa ca njira imene akatswiri amaicha API.

API ndi malangizo amene kampani ya lamya imapereka kwa olemba mapulogalamu a kompyuta. Malangizowa amafotokoza mmene pulogalamu ingapemphere nchito kudzera pa intaneti, monga kutumiza uthenga wa SMS, kuimba lamya kapena kulandira ndalama, ndiponso mmene yankho lidzabwerere.

Kale nchito imeneyi inali yovuta kwambiri. Makina a lamya ali ndi cinenero caocao, monga cija cochedwa SS7, cimene anali kucidziwa ndi mainjiniya a m'makampani akuluakulu okha. Pofuna kucepetsa vutoli, mu 1998 makampani angapo, kuphatikizapo BT, Microsoft, Nortel ndi Siemens, anayambitsa bungwe la Parlay Group. Mu 2003 bungweli linatulutsa malangizo ochedwa Parlay X, amene analola kuti pulogalamu ilankhule ndi makina a lamya m'njira yomweyo imene makompyuta amalankhulirana pa intaneti. Kuyambira pamenepo, wofuna kutumiza SMS anangofunika kupereka nambala ya wolandira ndi mau a uthengawo, popanda kudziwa za m'kati mwa makina.

Pambuyo pace panabwera makampani ogulitsa nchito imeneyi kwa aliyense. Twilio inayamba ku America mu 2008, ndipo Africa's Talking inayamba ku Nairobi mu 2010. Ku Kenya komweko, Safaricom inatsegula Daraja mu 2017 kuti amalonda alumikize mapulogalamu ao ndi M-Pesa. MTN nayo inatsegula MoMo API ku Uganda mu 2018, ndipo pambuyo pace inafika nayo muno m'Zambia.

Wolemba pulogalamu akalembetsa pa tsamba la kampani, amapatsidwa zinthu zitatu zikuluzikulu. Coyamba ndi buku la malangizo. Caciwiri ndi kiyi, imene ndi mndandanda wacinsinsi wa zilembo ndi manambala wodziwikitsa mwini pulogalamu. Cacitatu ndi malo oyeserera ochedwa sandbox, kumene munthu amatumiza ndalama zongoyerekezera kufikira atatsimikiza kuti pulogalamu yace ilibe colakwika.

Mwacitsanzo, gulu la alimi ku Katete lingafune kulandira zopereka za mamembala pa lamya. Pulogalamu ya gululo imatumiza pempho ku kampani ya lamya, lochula nambala ya mlimi ndi kuculuka kwa ndalama. Kampaniyo imaonetsa funso pa lamya ya mlimi, iye n'kuvomereza polemba PIN yace. Ndalama zikacoka, kampani imadziwitsa pulogalamu ija kuti malipiro atheka. PIN ya mlimi imapita ku kampani ya lamya yokha. Gulu la alimi siliiona konse.

Cida cina cofunika kwambiri kumidzi ndi USSD, manambala aja oyamba ndi kanyenyezi. Njira imeneyi imagwira nchito pa lamya wamba ya mabatani ndipo sifuna intaneti, motero pulogalamu yolembedwa ku Lusaka imatha kutumikira mlimi wa ku Lundazi amene alibe lamya yamakono.

Koma kucoka ku malo oyeserera kupita ku ndalama zenizeni kumafuna zikalata za bizinesi ndi pangano ndi kampani ya lamya. Bungwe la ZICTA ndilo limayang'anira manambala a lamya m'dziko muno, Banki Yaikulu ya Zambia imayang'anira njira zolipirira, ndipo lamulo loteteza mbiri za anthu la mu 2021 limalamula kuti osunga maina ndi manambala a anthu azisamale.

Malamulowa alipo cifukwa khomo lothandiza amalonda lingathandizenso akuba. Kiyi ikagwera m'manja olakwika, wakuba angatumize mauthenga abodza m'dzina la kampani yodalirika. Akuba ena amasinthitsa SIM khadi ya munthu mwacinyengo kuti azilandira mauthenga ace a ku banki. Pofuna kulimbana ndi zotere, bungwe la GSMA, limene limagwirizanitsa makampani a lamya padziko lonse, linayambitsa Open Gateway ku Barcelona mu 2023. Mwa zida zace muli API yothandiza banki kufunsa ngati SIM khadi yasinthidwa posacedwa, isanalole kuti ndalama zituluke.

Kwa anthu wamba, cofunika kudziwa n'cakuti malipiro oona safuna kuti munthu auze wina PIN yace. Aliyense woimba lamya kapena wolemba uthenga wopempha PIN ayenera kukanidwa, ndipo nkhaniyo iperekedwe msanga ku kampani ya lamya kapena ku polisi.