Mlendo ndi mame: mbiri ya doko la Holy Loch ndi ntchito za ku Derby

Ife a ku Leicester, Nottingham ndi Derby tili kutali ndi nyanja, komabe nkhani ya sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi ili pakhomo pathu. Ku Raynesway, mu mzinda wa Derby, kampani ya Rolls-Royce imapanga makina a nyukiliya amene amayendetsa sitima zoterezi za dziko la Britain. Ntchitoyi inabadwa mu ubale wa Britain ndi America pa nthawi ya nkhondo ya mawu. Ubale womwewo unaberekanso doko la asilikali a ku America ku Holy Loch, ku Scotland. Malo awiriwa anayamba pafupifupi nthawi imodzi, koma anayenda njira zosiyana.

Holy Loch ndi kanyanja kolowa kumtunda pafupi ndi tauni ya Dunoon, kumatsiriro kwa mtsinje wa Clyde. M'mbali mwa mtsinje womwewu, ku Glasgow, ndi mmene kampani ya Yarrow inapangira sitima yathu ya Ilala mu 1949.

Kodi Amereka ankafunanji kumeneko? Mizinga yawo yoyamba ya Polaris inkafika makilomita pafupifupi 2,200 okha. Kuti aopseze Soviet Union, sitima zonyamula mizingayo zinayenera kuyandikira ku Ulaya, ndipo kubwerera kwawo kukakonzetsa sitima ndi kukatenga chakudya kukanawadyera masiku ambiri. Mu 1960 Pulezidenti Eisenhower ndi Nduna Yaikulu Harold Macmillan anagwirizana za malowa, ndipo pa 3 March 1961 chombo cha USS Proteus chinafika.

Mtima wa dokoli unali pamadzi osati pamtunda. Chombo chachikulucho chinkaima pakati pa kanyanjako, sitima nkumakocheza m'mbali mwake ngati anapiye kwa make. Panalinso chimalo choyandama chotchedwa Los Alamos chimene chinkanyamula sitima yathunthu kuti amisiri aikonze kunsi. Sitima iliyonse inali ndi magulu awiri a asilikali osinthana, ndipo ulendo umodzi pansi pa nyanja unkatenga miyezi pafupifupi iwiri.

Si onse anakondwa. Anthu odana ndi zida za nyukiliya anachita zionetsero, ena akupalasa timabwato kukatchinga Proteus. Ankaopa kuti nkhondo ikabuka, Glasgow idzapsera limodzi. Ngozi nazo zinalipo: mu 1970 moto unapha anthu atatu m'chombo cha USS Canopus. Komabe ku Dunoon eni nyumba zalendi, amasitolo ndi oyendetsa matakisi ankapha makwacha, ndipo atsikana ambiri a kumeneko anakwatiwa ndi Amereka.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nkhondo ya mawu itazirala, komanso mizinga ya Trident yofika kutali itabwera, dokoli linasowa ntchito. Mu 1991 analengeza kuti litsekedwa, ndipo mu March 1992 chombo chomaliza, USS Simon Lake, chinanyamuka. Nyumba zinasowa ochita lendi, malonda anazizira, ndipo pansi pa kanyanjako panatsala zitsulo ndi zinyalala zimene anazivuula patapita zaka.

Ku Derby zinayenda mwina. Pangano la 1958 linalola America kugawira Britain nzeru za makina a nyukiliya, ndipo mu 1959 kampani ya Rolls-Royce and Associates inakhazikitsidwa. Sitima yoyamba, HMS Dreadnought, inali ndi makina a ku America, koma HMS Valiant, imene inayamba ntchito mu 1966, inali ndi makina a Rolls-Royce. Mu 2022 kampaniyi inatsegula sukulu yophunzitsa achinyamata umisiriwu ku Derby, ndipo mu 2023 kunalengezedwa kuti ipanganso makina a sitima za Australia.

Dunoon inabwereketsa malo nkulandira lendi kwa zaka 31. Derby inatenga luso, ndipo mpaka lero likudyetsa mabanja. Ena mwa ife sangafune kuti mwana wawo agwire ntchito yokhudza zida zankhondo, ndipo ntchito za ku Raynesway zili ndi malamulo okhwima a unzika ndi chitetezo. Koma makolo ndi ophunzira, funsoli ndi lathu tonse: mwini ntchito akalongedza katundu mawa, m'manja mwathu mutsalanji?