Mutu 5: Bandulo, Moto ndi Malo mu Foni Yanu

Foni yamakono yasanduka chida chogwirira ntchito. Wogulitsa kaunjika amajambula katundu n'kutumizira makasitomala ake, mphunzitsi amalandirirapo makalata akusukulu, mlimi amafunsirapo mtengo wa soya asananyamuke kupita kumsika, ndipo ambiri timagulirapo mayunitsi a magetsi kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Koma foni yomweyi imagwiritsa mwala pa nthawi imene ikufunika kwambiri, ndipo kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa zitatu izi: bandulo yatha, moto watha, kapena malo adzaza. Anthu ambiri amathamangira kuganiza kuti mankhwala ake n'kugula foni yodula. Zoona zake n'zakuti ngakhale itel kapena Tecno yotsika mtengo imatumikira bwino mwini wake akadziwa kusamala zinthu zitatuzi.

Kodi bandulo imapita kuti?

Uthenga wolemba umadya data yochepa zedi. Mukhoza kutumiza mauthenga mazanamazana pa WhatsApp koma osafika pa data imene vidiyo imodzi yaifupi imadya. Choncho bandulo ikamatha msanga, poyamba yang'anani mavidiyo, kenako zinthu zimene foni imachita yokha inu musakudziwa.

Mapulogalamu ambiri sagona ngakhale mwawatseka. Amakhala akufufuza mauthenga atsopano, kutumiza zithunzi zanu ku intaneti ndiponso kudzikonzanso. Kuti muone amene akukudyerani, lowani mu Settings n'kufufuza pamene palembedwa Data usage. Foni idzakuonetsani mndandanda wa mapulogalamu ndi kuchuluka kwa data imene iliyonse yadya. Pafupi pomwepo pali Data Saver, imene yakhala ikupezeka m'mafoni a Android kuyambira mu 2016. Mukaiyatsa, imaletsa mapulogalamu kudya data mwamseri. Mu Play Store sankhani kuti mapulogalamu azidzikonzanso pokhapokha mukakhala pa Wi-Fi.

Pa WhatsApp, bowo lalikulu ndi magulu. Gulu la mpingo, la kuntchito, la pachibale ndi la amene munaphunzira nawo limodzi, onsewa amatumiza zithunzi ndi mavidiyo tsiku lililonse, ndipo foni ikhoza kumazitsitsa zokha. Lowani mu Settings ya WhatsApp, pitani pa Storage and data, n'kuchotsa chilolezo chotsitsa zithunzi, mawu ndi mavidiyo popanda kukufunsani. Kuyambira pamenepo muzitsegula zokhazo zimene mukuzifuna. Pa Facebook letsani mavidiyo kuyamba okha, ndipo pa YouTube tsitsani mlingo wa kaonekedwe ka vidiyo kufika pa 240p kapena 360p. Pa sikirini yaing'ono ya foni, phunziro kapena ulaliki umamvekabe bwinobwino.

Zinthu zina sizifuna bandulo n'komwe. Ngati mnzanu muli naye pafupi, patsiranani mafayilo kudzera pa Bluetooth, Quick Share kapena Xender. Ngati muli ndi ulendo wopita kudera lachilendo, tsitsiranitu mapu a deralo pa Google Maps mukadali pamalo a netiweki yabwino. GPS imalandira uthenga kuchokera ku masetilaiti, motero imakuonetsani pamene muli ngakhale data itazimitsidwa.

Kusunga moto

Kumene magetsi amazimazima, kapena kumene munthu amalipira kuti atchajitse foni pa sola ya kugolosale, moto wa m'batire ndi ndalama. Chimene chimadya moto kwambiri ndi sikirini, choncho chepetsani kuwala kwake ndipo ikonzeni kuti izizima pakangotha masekondi 30 musanaigwire. Chachiwiri, chimene ambiri sachidziwa, ndi netiweki yofooka. Foni ikakhala kutali ndi nsanja ya netiweki imagwiritsa ntchito mphamvu zambiri pofuna kulumikizana nayo. N'chifukwa chake batire limatha msanga mukakhala m'basi pa ulendo wautali kapena kumudzi kumene netiweki imachita kusakidwa pachulu. Pamalo otere yatsani Airplane mode, n'kumaizimitsa pa nthawi yokhayo imene mukufuna kuimba kapena kuona mauthenga.

Mabatire a mafoni amakono ndi a mtundu wa lithium-ion, ndipo mdani wawo wamkulu ndi kutentha. Musasiye foni padzuwa, pawindo la galimoto kapena pansi pa pilo ikamatchajidwa. Langizo lakale lakuti batire lizitheratu musanalitchaje linali la mabatire a mtundu wina amene anasiya kugwiritsidwa ntchito m'mafoni. Batire lamakono limakhalitsa mukamalitchaja lisanatsike kupitirira 20 peresenti. Likayamba kufufuma mpaka kukankha chivundikiro cha kumbuyo, lekani kuligwiritsa ntchito nthawi yomweyo chifukwa likhoza kuyaka moto.

Pogula pawabanki, dziwani kuti nambala yolembedwa pabokosi si moto wonse umene udzalowe mu foni. Mphamvu ina imatayika posintha mlingo wa magetsi ndiponso ngati kutentha, moti pawabanki ya 10,000 mAh imapereka pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nambala imeneyi. Foni ya batire la 5,000 mAh idzadzaza kamodzi n'kutsalako pang'ono, osati kawiri. Mukaona kapawabanki kopepuka, kotchipa, koma kolembedwa nambala yaikulu modabwitsa, kasiyeni. Tchaja nayonso isakhale yongotola. Tchaja yachinyengo imatentha, imachedwa kudzaza foni ndipo ikhoza kuononga batire. Magetsi akazima, zulani tchaja pakhoma, chifukwa nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira muyezo.

Malo akadzaza

Foni ili ngati nkhokwe: mukamangothiramo osasankha, tsiku lokolola mumasowa poika chimanga chabwino. Mafoni ambiri otsika mtengo amakhala ndi malo a 32 GB kapena 64 GB, ndipo gawo lina limakhala litatengedwa kale ndi Android. Malo akatsala pang'ono kudzaza, foni imayamba kuchedwa, kamera imakana kujambula ndipo mauthenga ena salowa.

Apanso yambirani pa WhatsApp. Pansi pa Storage and data pali Manage storage, pamene pamaoneka mafayilo oposa 5 MB ndi amene atumizidwa kambirimbiri. Kufufuta amenewa kamodzi pa sabata kumamasula malo ambiri. Pulogalamu ya Files by Google imathandiza kupeza zithunzi zobwerezabwereza ndi mapulogalamu amene mwatenga nthawi osawatsegula. Ngati mukugula memori khadi, gulani m'sitolo yodalirika, chifukwa makhadi achinyengo amaonetsa malo ambiri koma amataya mafayilo akangodzaza pang'ono.

Zinthu zofunika kwambiri zisakhale mu foni mokha. Akaunti iliyonse ya Google imabwera ndi malo aulere a 15 GB, ogawana pakati pa Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Ikani kumeneko zithunzi za masatifiketi, malisiti ndi mapepala a malo. Manambala a anthu muziwasungira mu akaunti ya Google, osati pa simu khadi. Foni ikatayika kapena ikagwera m'madzi, mudzangolowa mu akaunti yanu pa foni ina ndipo manambala onse adzabwerera.

Kuipatsa foni ntchito

Zitatuzi zikakhala m'malo mwake, foni imayamba kubweza ndalama zimene munaigulira. Simufunika mapulogalamu ambiri. Google Keep imasunga mndandanda wa zogula, za ngongole ndi za ntchito za tsikulo, ndipo imagwira ntchito popanda data. Kalendala ya mu foni ikhoza kukukumbutsani tsiku la sikelo ya mwana, la msonkhano wa banki m'khonde kapena lobwereza feteleza. Mu Google Drive muli batani la kamera limene limasandutsa pepala kukhala fayilo ya PDF yooneka bwino, yoti mukhoza kutumiza pofunsira ntchito osapita kokajambulitsa mapepala. Amalonda ayese WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018. Imalola kuika zithunzi za katundu pamodzi ndi mitengo yake, kusunga mayankho a mafunso amene makasitomala amafunsa kawirikawiri, ndiponso kuika chizindikiro pa amene alipira ndi amene sanalipire. Wolandira kalata yachingerezi yovuta akhoza kuthandizidwa ndi Google Translate, imene inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, koma pa nkhani za malamulo, ndalama kapena mankhwala ndi bwino kufunsanso munthu wodziwa.

Nthawi nayonso imafunika kuitchinjiriza. Foni ikamalira mphindi iliyonse, ntchito siyenda. Tsekani phokoso la magulu amene alibe nkhani zachangu, n'kusankha nthawi ziwiri kapena zitatu pa tsiku zowerengera mauthenga ake.

Kutseka pakhomo

Foni imene ili ndi ndalama, manambala ndi mapepala anu iyenera kukhala yokhoma. Ikani nambala yachinsinsi yotsegulira sikirini, ndipo isakhale chaka chanu chobadwa kapena 1234. Pa WhatsApp yatsani Two-step verification, imene imafuna nambala ya madijiti 6 munthu akafuna kutsegula akaunti yanu pa foni ina. Imbani *#06# kuti muone nambala ya IMEI ya foni yanu, ya madijiti 15, n'kuilemba m'kope kunyumba. Apolisi amaifuna foni ikabedwa.

Chachikulu pa zonse, nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money musauze munthu aliyense, ngakhale woimbayo atanena kuti akuchokera ku kampani ya foni kapena kuti mwapambana mphoto. Wogwira ntchito weniweni sakufunsani nambala imeneyi. Musanapite ku mutu wotsatira, tengani foni yanu, letsani WhatsApp kutsitsa zinthu yokha, samutsirani manambala ku akaunti ya Google, ndipo lembani IMEI yanu lero lomwe.