Kodi wolumpha kwambiri ndiye katswiri wa basketball?

Mphunzitsi wa timu ya basketball ku Chibanja kapena pa Mzuni safunika zida zodula kuti ayeze mphamvu za osewera ake. Choko ndi khoma n'zokwanira kuyezera kulumpha. Foni ndi malo otalika mamita 20 n'zokwanira pa mayeso a Yo-Yo, amene anakonza Jens Bangsbo wa ku Denmark: wosewera amathamanga kupita ndi kubwerera, n'kupuma masekondi 10, liwiro likukwererakwerera mpaka atalephera. Manambala akatuluka, mphunzitsi angakufunseni inu azaumoyo kuti akutanthauzanji.

Yo-Yo ili ndi ubwino wake. Masewero a basketball amakhala ndi zigawo zinayi za mphindi 10, pabwalo la mamita 28, ndipo kuthamanga kwake n'kodukizadukiza ngati kwa mayesowa. Amene wachita bwino amachedwa kutheratu mphamvu m'chigawo chomaliza. Koma kuona mnzako amene ali poyera, kapena kuponya molondola wina atakutchinga, palibe tepi imene ingayeze. Mu 2007, Kevin Durant akuchoka ku University of Texas, analephera kukweza chitsulo cha makilogalamu 84 ngakhale kamodzi pa mayeso a NBA. Mu 2014 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligiyo.

Ine ndimaona kuti phindu lenileni la mayesowa lili pomuyerekeza munthu ndi iye mwini, osati ndi anzake. Lembani zotsatira mpikisano usanayambe. Wosewera akavulala bondo n'kunena kuti wachira, mulumphitseni ndi mwendo umodzi, kenako winawo. Akatswiri ambiri a mafizo amafuna kuti wovulalawo ufike 90 peresenti ya wabwinowo asanamubwezere m'bwalo.

Chodetsa nkhawa n'chakuti ambiri amaganiza kuti wopambana mayeso ndiye kuti alibe matenda. Hank Gathers wa Loyola Marymount anaposa osewera onse a makoleji akuluakulu a ku America pakugoletsa mu 1988-89. Anakomoka m'bwalo mu Disembala 1989, n'kupezeka ndi vuto la kagundidwe ka mtima. Anabwerera kukasewera, ndipo pa 4 Malichi 1990 anagwanso ali m'masewero n'kumwalira ali ndi zaka 23.

Kuno kwathu tilinso ndi matenda a mtima a rheumatic, amene amayamba ndi zilonda zapakhosi zosachiritsidwa bwino paubwana, ndipo wachinyamata angakhale nawo osadziwa. Yo-Yo imafikitsa mtima pamapeto penipeni. Choncho musanayambe, funsani aliyense payekha, anzake asakumva (pagulu anyamata savomera): kodi unakomokapo kapena kumva kuwawa pachifuwa ukusewera? Mtima umathamanga modabwitsa? Pali wachibale amene anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono? Akavomera chimodzi chokha, asathamange tsikulo. Mutumizeni kuchipatala akamupime mtima, ndipo akafuna kuwunika mozama adzamutumiza ku Mzuzu Central Hospital.