Akakuuzani Kuti Impso Ili ndi Thumba la Madzi

Nthawi zina tikapita kucipatala cifukwa ca m'mimba kapena msana, amatiunika ndi makina a sikani, n'kutiuza kuti pa impso pali kathumba ka madzi. Munthu amabwerera kumudzi mtima uli m'mwamba, ena mpaka kuloza anzawo zala kuti awalodza. Koma matumba amenewa alipo a mitundu yosiyanasiyana, ndipo tiyenera kufunsa dokotala kuti lathu ndi la mtundu uti.

Impso zathu ziwiri zimasefa magazi ndi kutaya zoipa kudzera mu mkodzo. Mtundu woyamba ndi kathumba kamodzi kapena tiwiri, kobwera ndi ukalamba monga imvi. Ambiri a ife amene tinapitirira zaka 50 tili nako osadziwa. Kawirikawiri sikaletsa impso kugwira nchito, ndipo sikafuna mankhwala. Kakakula n'kumapweteka, kapena kakayambitsa kutentha thupi, ndiye kuti tibwerere kucipatala.

Mtundu waciwiri ndiwo wofunika kusamala. Madokotala amauchula kuti polycystic kidney disease, ndipo ndi matenda a kumtundu. Ngati kholo lili nawo, mwana aliyense akhoza kuwatengera kapena ai, theka ndi theka. Matumba amamera ambirimbiri m'impso zonse ziwiri, amakula pang'onopang'ono n'kumapanikiza mnofu umene umasefa magazi. Munthu amakhala zaka zambiri ali bwinobwino. Zizindikiro zimakonda kuonekera akapitirira zaka 30: BP yokwera, kupweteka m'mbali munsi mwa nthiti, magazi mu mkodzo. Kuno kumudzi tikaona magazi timathamangira kunena kuti ndi likodzo, koma ndi bwino kukapimitsa. Pafupifupi theka la odwala, impso zimakhala zitaleka nchito pofika zaka 60, ndipo amafunika makina osefa magazi kangapo pa mlungu kuzipatala zazikulu monga UTH ku Lusaka. Kwa mlimi, ulendo wotere ndi wolemera.

Palibe muzu kapena khungwa limene lingasungunule matumbawa, ndipo zitsamba zina zimaononga impso. Cothandiza ndi kupimitsa BP kawirikawiri, kumwa mankhwala ake mosadumphitsa, kucepetsa mcere m'ndiwo ndi kuleka fodya. Mapilitsi a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, amene timangogula pa kantemba, tisamamwe popanda kufunsa. Ngati bambo, mai kapena agogo anadwalapo impso, tiwauze a dokotala ngakhale asanafunse, kuti aone ngati abale athu nawonso afunika kuunikidwa.