Wogulitsa Zipangizo Zophunzirira Adziwe Wosunga Thumba

Amalonda ambiri a matabuleti, makompyuta ndi masola amatha ndalama zoyendera pokopa mphunzitsi wamkulu, chonsecho iye si amene amagula. M'sukulu za pulayimale za boma, komiti ya sukulu imangogula tinthu ting'onoting'ono. Katundu wodula amagulidwa ndi khonsolo kapena unduna wa zamaphunziro. Kumeneko, wogulitsa amene sanalembetse ku PPDA, kapena alibe chikalata cha MRA chosonyeza kuti amakhoma msonkho, samuyang'ana n'komwe.

Nthawi nayo ndi yofunika. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, pomwe sukulu zimatsegulira mu Seputembala. Wofika pamene ana akuyamba sukulu amapeza bajeti itagawidwa kale.

Chinanso, sukulu zambiri zakumudzi zilibe magetsi. Tabuleti yopanda sola, kapena yodalira intaneti, imathera m'kabati. Wamalonda wochenjera amayamba ndi sukulu imodzi kwa teremu imodzi, n'kuphunzitsa aphunzitsi kagwiritsidwe ntchito kake komanso kukonza zikawonongeka. Akuluakulu a maphunziro akaona okha ana akuwerenga, mtengo sakhalanso nkhani yovuta kukambirana.