Kodi dizilo wa lole amathera kuti?

Pafupifupi mafuta onse amene timathira m'galimoto kuno ku Malawi amachokera kunja. Amatsitsidwa m'sitima pa madoko a Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo ambiri amafika kuno pa mathanka oyenda pamsewu, omwenso amayendera dizilo yemweyo. Feteleza ndi mchere zimabweranso pa malole. Lole ikamamwa mafuta ambiri, ndalamayo imakalowa mu mtengo wa thumba la feteleza limene makolo anu amagula. Ndiye tiyeni tiwerengetsere, pogwiritsa ntchito Physics yomweyi imene mumailembera mayeso a MSCE.

Lita imodzi ya dizilo ili ndi mphamvu yokwana pafupifupi ma megajoule 36. Injini yabwino imatha kusandutsa pafupifupi 40 peresenti yokha kukhala mphamvu yoyendetsa matayala, kutanthauza ma megajoule 14 basi. Yotsalayo imatuluka ngati kutentha, ku ekizozi ndi ku rediyeta. Apa dalaivala sangachitepo zambiri. Koma mmene ma megajoule 14 aja agwirire ntchito, zili m'phazi lake.

Mukukumbukira kinetic energy, ½mv²? Titenge lole yolemera matani 30 imene ikuthamanga makilomita 80 pa ola, omwe ndi pafupifupi mamita 22 pa sekondi. Chulukitsani ½ × 30,000 × 22 × 22, mupeza ma joule 7,260,000, kapena kuti ma megajoule 7 ndi pang'ono. Imeneyo ndi theka la lita ya dizilo. Dalaivala akaponda mabuleki mpaka kuima, mphamvu yonseyo imasanduka kutentha m'mabuleki, yapita, ndipo ayenera kuwotchanso theka lina la lita kuti abwerere pa liwiro lija. Tsono werengani mabampu, malodibuloko ndi misika ya m'mbali mwa msewu wa M1. N'chifukwa chake dalaivala wodziwa ntchito amachotsa phazi pa moto akadali kutali, lole n'kumapepuka liwiro yokha, osati kuthamanga mpaka pa bampu penipeni kenako n'kuponda mabuleki mwamphamvu.

Mdani wina ndi mpweya. Tulutsani dzanja pa windo la minibasi (pang'ono pokha chonde, ndikufuna mulembe mayeso ndi manja onse) mumva mphepo ikulikankhira kumbuyo. Kukankha kumeneku kumatchedwa drag, ndipo kumakula motsatira sikweya ya liwiro. Kuchoka pa 80 kufika pa 100, liwiro lakwera ndi kota yokha, koma 1.25 × 1.25 ndi 1.56. Drag yakwera ndi 56 peresenti! Pa ulendo wa makilomita 300 dalaivalayo apulumutsa mphindi 45 zokha. Kwa ine, pokhapokha wanyamula zinthu zoola msanga, malonda amenewa ndi oluza. Lona yomangidwa mophwephwa imene ikukupiza ngati mbendera imaonjezeranso drag.

Matayala opanda mpweya wokwanira amaphwatalala n'kumatentha, ndipo kutenthako ndi mafuta omwewo. Aliyense amene anapalasapo njinga yophwa akudziwa mmene miyendo imawawira.

Nanga kunyumba akafuna kugula galimoto yakale, ya zija zochokera ku Japan zolowera pa Songwe? Mu ½mv² muja mulinso m. Galimoto yolemera imafuna mafuta ambiri nthawi iliyonse ikamanyamuka, ndipo m'tauni kunyamuka ndi kuima sikutha. N'chifukwa chake Daihatsu Mira, ya injini ya 660cc, kapena Toyota Passo ndi Vitz za 1,000cc, zimamwa pang'ono m'tauni. Koma musatengeke ndi kuchepa kwa injini kokha. Kagalimoto kotere mukakapakira anthu asanu ndi matumba a chimanga n'kukakweretsa mapiri a Chiweta, kamangolira pa giya yotsika, mafuta n'kumapita.

Wogulitsa aliyense amati yake "imangonunkhiza mafuta". Inu auzeni akunyumba kuti ayeze. Adzaze thanki, alembe makilomita, ayende ulendo wautali ndithu, adzazenso, kenako agawe makilomita ayendawo ndi malita athiridwa kachiwiriwo. Ayang'anenso utsi injini ikamalira. Wabuluu ndiye kuti injini ikuwotcha oyilo, wakuda ndiye kuti mafuta sakupsa onse. Makilomita olembedwa pa dashibodi anthu ena amawabweza, choncho aone ngati akugwirizana ndi mmene chiwongolero ndi mapedulo zaperepesekera. Afunsenso makaniko ngati masipeya ake amapezeka mosavuta.

Tiyerekeze galimoto ziwiri, ina yoyenda makilomita 10 pa lita, ina 16, ndipo banja limayenda makilomita 1,000 pa mwezi. Yoyamba imwa malita 100, yachiwiri 62.5. Kusiyana kwake pa chaka ndi malita 450. Funsani mtengo wa lita imodzi ya petulo sabata ino, muchulukitse ndi 450, kenako yankholo muliike pambali pa mitengo ya galimoto ziwirizo musanauze bambo kapena mayi kuti yotchipa ndi iti.